Mafunso ndi mayankho: ta'lim, tarbiya, adabu ndi mawu ena a ku madrasa

Mawu ngati ta'lim, tarbiya ndi adabu amamveka pa khutba (ulaliki) ya Lachisanu komanso pa misonkhano ya makolo ku madrasa, ndipo ambiri amawatenga ngati onse akungotanthauza "maphunziro". Si choncho ayi. Kholo lodziwa kusiyana kwake silichedwa kuzindikira pamene mwana akungoperepesa nsapato popita ku madrasa koma osapindula kanthu. Mayankho ali m'munsiwa alembedwa poganizira makolo ndi aphunzitsi a kuno ku Kasungu, kaya pa boma, ku Santhe, ku Chinkhoma, ku Mtunthama kapena m'maesiteti, komwe Asilamu ndi ochepa ndipo madrasa nthawi zambiri imakhala khonde la mzikiti ndi mwalimu mmodzi.

Ta'lim, tarbiya, ta'dib: bwanji mawu atatu pa chinthu chimodzi?

Chifukwa ndi ntchito zitatu. Ta'lim ndi kupereka ilimu, kuchotsa umbuli. Mwana sankadziwa chilembo cha Chiarabu cha ba, lero wachidziwa. Sankadziwa kuti Swala (pemphero) ya Maghrib, ya dzuwa litangolowa, ili ndi raka (zigawo za pemphero) zitatu, lero wadziwa. Qur'an imagwiritsa ntchito mawu ochokera ku tsinde lomweli pa Sura 2 ndime 31, pomwe ikunena kuti Allah anamuphunzitsa Adam mayina a zinthu zonse. Ta'lim imayezeka mosavuta: mufunse mwana funso, ayankhe kapena alephere.

Tarbiya ndi kulera, kukulitsa pang'onopang'ono. Mawuwa amapezeka mu dua ya pa Sura 17 ndime 24 imene mwana amapemphera makolo ake, yoti Mbuye awachitire chifundo monga momwe iwo anamulerera ali wamng'ono. Aliyense amene anasamalapo nazale akudziwa kuti kufesa ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma kuthirira m'mawa ndi madzulo, kupatulira, kuzulira udzu ndi kuchepetsa madzi kuti mbande zikhwime zisanaokedwe n'kwa masabata ambiri. Kumeneko ndiye kuchita tarbiya. Mwana wodziwa kuti Swala ya Fajr, ya m'bandakucha, ndi raka ziwiri walandira ta'lim. Mwana amene amadzuka yekha m'mwezi wa June, kuzizira kuli tsitsitsi, n'kukatunga madzi a wudhu (kudziyeretsa munthu asanaswali) popanda womukoka bulangete, ameneyo walandira tarbiya.

Ta'dib ndi kuphunzitsa adabu: kudziwa malo oyenera a chinthu chilichonse ndi munthu aliyense, n'kumachita molingana ndi malowo. Pa msonkhano woyamba wa dziko lonse wa maphunziro a Chisilamu womwe unachitikira ku Makkah mu 1977, katswiri wa ku Malaysia, Syed Muhammad Naquib al-Attas, anaumirira kuti mawu oyenera maphunziro a munthu ndi ta'dib, poti tarbiya imachitikanso kwa mbewu ndi ziweto, pamene adabu ndi ya munthu yekha. Ena sanagwirizane naye, ndipo m'madera ambiri mawu oti tarbiya ndiwo anafala. Ife tikuona kuti mkanganowu ndi wa ophunzira, koma phindu lake kwa kholo ndi ili: madrasa ya maola awiri masana ingakwanitse ta'lim ndi kachigawo ka ta'dib. Tarbiya yambiri imachitikira pakhomo, mufune musafune.

Adabu si ulemu womwe timaudziwa kale, wogwada ndi kulandira ndi manja awiri?

Ulemuwo ndi mbali yake, ndipo Mchewa sayambira patali pa nkhaniyi. Koma adabu imapitirira. Pali adabu ya kwa Allah, monga kusathamangitsa Swala ngati nkhuku yotola chimanga. Pali adabu ya Qur'an: kuigwira uli ndi wudhu, kusaiika pansi pa mphasa pomwe anthu akuponda, kusaisanjika pansi pa mabuku ena. Pali adabu ya ilimu yeniyeniyo, yomwe chachikulu chake ndi kusayankha chinthu chimene sukuchidziwa. Mabuku a mbiri amasimba kuti mayi ake a Imam Malik, katswiri wamkulu wa malamulo a Chisilamu, pomutumiza kwa mphunzitsi wake ku Madina, anamuuza kuti ayambe watola adabu ya mphunzitsiyo asanatole ilimu yake.

Mwana angathe kugwada bwino kwa shehe koma akumenya mng'ono wake kuseri kwa mzikiti. Ameneyo waphunzira mantha, osati adabu.

Kodi ilimu ndi ya chipembedzo yokha? Nanga masamu ndi sayansi za kusukulu?

Funsoli lili ndi mbiri yake. Chisilamu chinafika kuno kudzera kwa amalonda a Chiswahili, makamaka Jumbe wa ku Nkhotakota cha m'ma 1840, kenako mafumu a Chiyao monga Makanjila ndi Mponda anachilandira. Sukulu za m'nthawi ya atsamunda zinali m'manja mwa amishoni, ndipo makolo ambiri achisilamu ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akasintha dzina ndi chipembedzo. Mantha aja anali ndi chifukwa, koma zotsatira zake Asilamu anatsalira pa maphunziro kwa mibadwo ingapo, ndipo ena mpaka pano amanena kuti "za kusukulu n'zadziko".

Maulama (akatswiri a chipembedzo) akale sankagawa choncho. Ankagawa ilimu m'magulu awiri. Faradhi aini ndi imene Msilamu aliyense payekha ayenera kuidziwa, palibe womuimirira. Faradhi kifaya ndi imene mtundu wonse uyenera kukhala nayo: ena akaiphunzira mokwanira, otsalawo apepukidwa, koma akapanda kupezeka ndi mmodzi yemwe, mlandu ndi wa onse. Imam al-Ghazali, yemwe anamwalira mu 1111, anaika zachipatala ndi masamu m'gulu lachiwirili. Kusambitsa maliro ndi kuswalira janaza (Swala ya maliro) kulinso m'gulu lomweli. Choncho mudzi umene uli ndi ana okhoza kulakatula masura koma wopanda namwino, wopanda wodziwa kuwerengera chuma cha masiye, wopanda mayi wodziwa kusambitsa mtembo wa mayi mnzake, uli ndi ngongole.

Faradhi aini yeniyeniyo ndi ziti?

Poyambira ndi zikhulupiriro zisanu ndi chimodzi za imani: Allah, angelo, mabuku, atumiki, tsiku lomaliza, ndi chikonzero cha Allah. Kenako twahara (ukhondo wa pa chipembedzo), wudhu, kusamba kwa janaba (kwa thupi lonse, monga pambuyo pogonana), Swala zisanu zomwe pamodzi ndi raka 17 za faradhi, Sura ya Fatiha yowerengedwa molondola, ndi malamulo a kusala m'mwezi wa Ramadhan. Izi mwana azidziwe asanathe msinkhu. Pa madhhab (njira yomasulira malamulo) a Imam Shafi'i, mwana amene sanaonetse zizindikiro za kukula amatengedwa kuti ndi baligh, kunena kuti watha msinkhu, akakwanitsa zaka 15 za kalendala ya mwezi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti faradhi aini imakula ndi moyo wa munthu. Wamalonda pa msika wa Kasungu ayenera kudziwa za riba (katapira) ndi za sikelo yachinyengo. Wolowa m'banja ayenera kudziwa za nikah (kumanga ukwati) ndi talaka (kusudzula). Mlimi ayenera kudziwa zakaat (chopereka chokakamizidwa) ya zokolola, ndipo nayi m'mene imayendera pa chimanga: mlingo woyambira ndi pafupifupi makilogalamu 650 a chimanga chotonola chouma, kunena kuti matumba 13 a makilogalamu 50. Osafika pamenepo palibe zakaat. Wofika kapena kupitirira, ngati munda unali wa mvula, amapereka gawo limodzi mwa magawo khumi a zokolola zonse, ndiye wokolola matumba 40 apereka anayi. Ngati chinali cha kudimba chothirira ndi keni kapena pampu, amapereka theka lake, matumba awiri. Zakaat imeneyi siyembekeza chaka, imatuluka pokolola. Anthu ambiri amalakwitsa pophatikiza lamuloli ndi la ndalama, lomwe ndi 2.5 pa 100 iliyonse, pamene chuma chafika mtengo wa magalamu 85 a golide n'kukhala chaka chathunthu.

Aqida, fiqh, akhlaq, sira: mwana amabwera ndi mayina amenewa m'kope. N'chiyani?

Aqida ndi zimene timakhulupirira. Fiqh ndi malamulo a zochita, kuyambira wudhu mpaka malonda. Akhlaq ndi khalidwe. Sira ndi mbiri ya moyo wa Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye. Magawo atatu oyambawo amafanana ndi mafunso amene mngelo Jibril anafunsa Mtumiki mu hadith (nkhani ya zonena ndi zochita za Mtumiki) yotchuka imene Imam Muslim anailemba: imani n'chiyani, Chisilamu n'chiyani, ihsani n'chiyani. Ihsani ndiko kumupembedza Allah ngati ukumuona, podziwa kuti ngakhale sukumuona, Iye akukuona. Madrasa zambiri zimataya nthawi yonse pa kuwerenga Qur'an, maphunziro anayiwa n'kumangokumbukiridwa mayeso akayandikira. Tsiku limodzi pa sabata loperekedwa kwa fiqh yochita ndi manja, ana atanyamula ndowa kupita pa mjigo, limaposa miyezi yolemba manotsi.

Mwana wanga amawerenga Qur'an bwinobwino koma sadziwa tanthauzo. Waphunzira kapena ayi?

Waphunzira chinthu chimodzi mwa zinayi. Tilawa ndi kuwerenga. Tajwid ndi kuwerenga mopatsa chilembo chilichonse zoyenera zake. Hifz ndi kuloweza pamtima. Tafsir ndi kumasulira tanthauzo. Kuwerenga kopanda kumva kuli ndi malipiro ake, ndipo Swala imachitika m'Chiarabu basi, choncho musamunyoze. Koma musakhutirenso. Qur'an yomasuliridwa m'Chichewa ilipo, ndipo lamulo losavuta n'lakuti sura iliyonse yaifupi imene mwana waloweza, anene tanthauzo lake m'mawu akeake asanapatsidwe ina. Yambani ndi Fatiha, poti amaibwereza ka 17 tsiku lililonse. Mwana wa zaka khumi amatha kugwira tanthauzo la ndime zake zisanu ndi ziwiri m'sabata imodzi.

Tajwid ndi yofunikadi, kapena n'zokometsera mawu chabe?

Pali zolakwa za mitundu iwiri. Lahn khafi ndi yobisika, monga kufupikitsa ghunna (liwu la m'mphuno) kapena kusakoka madd (liwu lotalikitsidwa) mokwanira. Imachepetsa kukoma koma tanthauzo silisintha. Lahn jali ndi yoonekera, kusintha chilembo kapena haraka (kachizindikiro ka a, i kapena u), ndipo imeneyi imatha kupotoza tanthauzo. Mu Fatiha, "an'amta" ndi "Inu munawadalitsa". Wonena kuti "an'amtu" wati "ine ndinawadalitsa". "Qul" ndi "nena", pamene "kul" ndi "idya". "Qalb" ndi mtima, "kalb" ndi galu.

Olankhula Chichewa tili ndi malo athuathu opunthwira, ndipo chifukwa chake chili m'chilankhulo chathu. Mawu athu amathera pa a, e, i, o, u, choncho chilembo cha sukun, chomwe chimafuna kuima gwa, lilime limachionjezera lokha: "bismi" imasanduka "bisimi", "alhamdu" imasanduka "alihamudu", "qul" imasanduka "kulu". Chachiwiri, kwa ife l ndi r sizisiyana, pamene m'Chiarabu lam ndi ra ndi zilembo ziwiri zosiyana kotheratu. Chachitatu, zambiri mwa zilembo za kukhosi zisanu ndi chimodzi timazipanikiza kukhala h ndi a. Ndipo tha, sin ndi swad zonse timazitulutsa ngati s.

Mankhwala ake si kukalipa. Ibn al-Jazari, katswiri wa kawerengedwe yemwe anamwalira mu 1429, anawerenga malo 17 otulukira zilembo, ndipo mwana ayenera kuonetsedwa malowo, osati kungouzidwa kuti walakwa. Pa qaf, kumbuyo kwenikweni kwa lilime kugunde kumwamba pafupi ndi kam'mero. Pa kaf, kutsogolo pang'ono. Mwalimu atchule, mwana ayang'ane pakamwa, abwereze, kenako atchule mawu awiri ofananawo motsatizana kakhumi. Pa sukun, muuzeni atseke milomo pa mim ya "hamd" n'kuwerenga mumtima kamodzi asanapite pa dal. Malamulo a nun sakina (chilembo cha nun chokhala ndi sukun), omwe ndi anayi, izhar, idgham, iqlab ndi ikhfa, abwere pambuyo zilembo zitakhazikika. Cholakwika chofala n'kumuchotsa mwana pa kabuku koyambira zilembo ka Qaida msanga chifukwa kholo likufuna kumva kuti "walowa Juzu Amma", gawo lomaliza la Qur'an la masura aafupi. Chilembo chimene chapindika pa zaka zisanu ndi ziwiri chimavuta kuwongola pa zaka makumi awiri.

Kuloweza Qur'an yonse kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Qur'an ili ndi masura 114 ndi majuzu 30. Musahafu (buku la Qur'an) wosindikizidwa ku Madina, wa mizere 15 pa tsamba, uli ndi masamba 604. Woloweza tsamba limodzi pa tsiku, masiku asanu pa sabata, amafuna masabata pafupifupi 121, zomwe ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi popanda tchuthi kapena kudwala. Wa theka la tsamba, zaka pafupifupi zisanu. Mwana amene akupitanso ku pulayimale m'mawa, mizere itatu kapena isanu pa tsiku ndi yokwanira, ndipo cholinga chanzeru choyamba ndi Juzu Amma, ya masura 37.

Tsiku la woloweza limakhala ndi magawo atatu: phunziro latsopano, kubwereza za masiku asanu ndi awiri apitawa, ndi kubwereza zakale mozungulira. Gawo lachitatuli ndi lomwe limatayidwa, chifukwa silisangalatsa komanso silioneka pa lipoti. Mapeto ake mwana akuti ali pa juzu yachisanu ndi chitatu koma yachiwiri inathawa kalekale, ngati kutunga madzi ndi dengu. Zikafika potero imitsani zatsopano kwa mwezi wathunthu. Chinanso, asasinthesinthe musahafu: maso amaloweza malo a ndime pa tsamba, ndipo musahafu wa mizere 13 umasokoneza amene anazolowera wa mizere 15.

Mwana wabwera ndi wudhu wosiyana ndi umene ife tinaphunzira. Wolakwa ndani?

Kawirikawiri palibe. Asilamu ambiri a m'Malawi amatsata madhhab a Imam Shafi'i, omwe anabwera kuchokera kugombe la kum'mawa kwa Africa. Amwenye ambiri, komanso aphunzitsi ena amene anaphunzira ku South Africa kapena ku India ndi Pakistan, amatsata a Imam Abu Hanifa, otchedwa Hanafi. Kwa Shafi'i faradhi za wudhu ndi zisanu ndi chimodzi: niya (kutsimikiza cholinga mumtima), kusamba nkhope, mikono mpaka m'zigongono, kupaka madzi mbali ya mutu, mapazi mpaka mu akakolo, ndi kutsata ndondomeko. Kwa Hanafi ndi zinayi, niya ndi ndondomeko amaziika pa sunna, zabwino kuchita koma zosakakamizidwa. Ashafi'i amawerenga dua ya qunut pa Fajr, Ahanafi pa Swala ya usiku ya witr. Vuto limabwera pamene mwalimu sanauze ana kuti akuphunzitsa madhhab ati, mwana n'kukauza agogo ake kuti Swala zawo za zaka makumi asanu zinali zabodza. Kumeneko n'kusowa kwa adabu tinanena ija. Komiti ya madrasa igwirizane madhhab amodzi a ana aang'ono, za kusiyana adzaphunzire atakula.

Kodi ta'dib si chikwapu? Ife tinaphunzira ndi ndodo.

Mawuwa anagwiritsidwapo ntchito ponena za chilango, n'zoona, ndipo ambiri amatchula hadith ya Abu Dawud yoti ana alamulidwe Swala pa zaka zisanu ndi ziwiri ndi kulangidwa pa zaka khumi. Koma onani kuti pakati pamenepo pali zaka zitatu zongophunzitsa. Anas bin Malik anatumikira Mtumiki zaka khumi ndipo ananena kuti sanamukalipirepo ngakhale kamodzi. Ibn Khaldun, katswiri wa mbiri yemwe anamwalira mu 1406, analemba kuti nkhanza zimaphunzitsa mwana ulesi, bodza ndi chinyengo, poti amaphunzira kubisa zamumtima poopa dzanja. Timaziona: mwana woopa ndodo amang'ung'udza motsitsa mawu kuti cholakwa chisamveke, ndiye cholakwacho sichikonzedwa. M'sukulu za boma kukwapula ana n'koletsedwa, ndipo madrasa ilibe chifukwa chotsalira.

Nthawi zambiri ndodo imatuluka chifukwa cha kuchuluka kwa ana. Ana 60, mwalimu mmodzi, mphindi 90: aliyense amapeza mphindi imodzi ndi theka, otsala 59 akusewera. Agaweni m'magulu atatu monga mwa pomwe afika, ana okulirapo amvetsere ang'onoang'ono zakale, mwalimu amve phunziro latsopano lokha.

Fitra n'chiyani?

Ndi chibadwa choyera chimene mwana aliyense amabadwa nacho, chopendekera kwa Mlengi wake. Hadith ya Bukhari ndi Muslim imati makolo ndi amene amadzamutembenuza. Kwa mphunzitsi tanthauzo lake n'lakuti palibe mwana wobadwa "wosamva".

Mtsikana akatha msinkhu, apitirizebe?

Apitirize, ndipo apa ndi pamene akufunika ilimu kwambiri. Hadith ya Ibn Majah yoti kufunafuna ilimu ndi faradhi kwa Msilamu aliyense sipatula mkazi. Mayi Aisha, mkazi wa Mtumiki, anasimba mahadith oposa 2,000, ndipo Bukhari analemba kuti amayi a ku Madina anapempha Mtumiki tsiku lawolawo la maphunziro, iye n'kuwapatsa. Malamulo a kumwezi ndi faradhi aini kwa mtsikana: kwa Shafi'i nthawi yochepetsetsa ndi usana ndi usiku umodzi, yochulukitsitsa masiku 15, ndipo magazi opitirira pamenepo ndi a matenda, ayenera kuswali. Swala za masiku a kumwezi sabweza, koma masiku a Ramadhan amabweza. Atsikana ambiri amasiya madrasa chifukwa cha manyazi, poti wophunzitsa ndi bambo ndipo palibe chimbudzi chawochawo. Mzikiti upeze mayi wodziwa, ngakhale Loweruka lokha.

Tingadziwe bwanji kuti mwalimu kapena shehe ndi woyenera?

Ilimu ya Chisilamu imayenda ndi sanad, unyolo wa aphunzitsi. Ijaza ndi chilolezo chimene mphunzitsi amapereka kwa wophunzira amene wamumvetsera mpaka kukhutira. Si mwalimu aliyense wa kumudzi amene angakhale ndi ijaza yolembedwa, ndipo zimenezo si mlandu, koma aliyense athe kunena kuti anaphunzira kwa yani, kuti, ndipo anafika pati. Komiti imumvetsere akuwerenga Fatiha ndi tsamba limodzi losakonzekera. Kenako imulipire. Mwalimu wodalira chopereka cha Lachisanu chokha amathawira ku geni, ndipo simungamudzudzule.

Sanad yomweyo ndi imene imasiyanitsa hadith: sahih (yotsimikizika), hasan (yabwino), dhaif (yofooka) ndi maudhu, yomwe ndi yopeka. Mawu ofala aja oti funani ilimu ngakhale ku China, akatswiri a hadith sanawavomereze kuti ndi a Mtumiki. Uthenga wa pa WhatsApp wopanda dzina la buku, womaliza ndi kuopseza kuti mutumize kwa anthu khumi, musauphunzitse mwana.

Nyengo ya fodya ana amajomba, ena amasamuka ndi makolo awo matenanti. Titani kuti zophunzira zisatayike?

Kuyambira December mpaka April madrasa za kumaesiteti zimachepa ana, poti pakhomo pali kuokera, kupalira, kuthyola ndi kusoka, ndipo mvula ya masana imagwa nthawi yomwe ya madrasa. Ntchito ya fodya si ya ana, koma ngakhale amene sakugwira amatsala akulera anzawo. M'miyezi imeneyi musakakamire phunziro latsopano. Sungani zakale: mphindi 15 pambuyo pa Maghrib, mwana awerenge masura atatu amene anawadziwa kale pamaso pa kholo, ngakhale kholo losadziwa kuwerenga, mawa atatu otsatira, mpaka azungulire n'kuyambiranso.

Mwana aliyense akhale ndi kope laling'ono la iye yekha. Mwalimu alembemo tsiku, tsamba la Qaida kapena sura ndi ndime imene wafika, zilembo zimene zikumuvutabe, ndi madua amene waloweza. Banja likasamuka msika ukatsekedwa, kaya kubwerera ku Mangochi, ku Machinga kapena kupita esiteti ina ku Mchinji, kopelo lipite m'chikwama limodzi ndi buku la kuchipatala. Popanda kope, mwalimu watsopano amamubweza mwana pa alif, ndipo pali ana a zaka 12 amene ayamba Qaida katatu.